Maso a Nkhono ndi Bowo la Mkanda

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," amatero akuluakulu, ndipo mwambiwu udachokera pa chinthu chimene aliyense amene adanjutapo pansi m'nyengo ya dzinja nayang'anitsitsa nkhono angachitsimikize. Nkhono ya pamtunda ili ndi tinyanga tinayi tofewa, tiwiri tatifupi tofufuzira njira ndi kununkhiza, ndi tiwiri tatitali timene kunsonga kwake kuli timadontho takuda, ndipo timadonthoto ndiwo maso ake. Munthu akaigunda ndi chala, kapena akangogwedeza tsamba limene yakhalapo, nkhonoyo imabweza tinyangato n'kudzipinda m'chigoba, kotero kuti wofuna kuiona maso msanga ndiye amene amaichititsa kuwabisa. Amene amawaona ndi yekhayo amene wakhazika manja pansi, naleka kuikakamiza, mpaka nkhonoyo itakhulupirira kuti kunja kuli bata.

Kawirikawiri mwambiwu umanenedwa kwa munthu wopupuluma, monga mnyamata amene wabzala mtedza dzulo nafuna kuukumba lero, kapena nkhoswe yofuna kugamula mlandu isanamve mbali zonse, ndipo ambiri amaumva ngati lonjezo lakuti wodikira adzalandira mphotho. Koma kudekha kumene mwambiwu ukunena n'kosiyana ndi kudikira wamba, pakuti wodikira angathe kuwodzera kapena kuyang'ana kumbali, pamene wodekha amakhala tcheru, maso ali pamalo amodzi, thupi ataligwira kuti lisasunthe. Kudekha kotere ndi ntchito, ndipo kumalemetsa monga momwe khasu limalemetsera. Alipo anthu amene ufa wa m'nyumba mwawo umadalira ntchito imeneyi, ndipo ena mwa iwo ndi amayi otunga mikanda, amene amapanga mikanda ya m'khosi ndi ya m'chiuno, zibangili ndi ndolo ali pakhomo pawo, m'midzi yonga ya kwa Mfumu Yaikulu Dambe m'boma la Mchinji.

Dera la kwa Dambe lili chakumpoto kwa bomali, kumene msewu wochokera pa Kamwendo umadutsa pa Kapiri polowera ku Kasungu, ndipo ndi dera la alimi a chimanga, mtedza, soya ndi fodya. M'dera lotere mayi wotunga mikanda ndi mlimi poyamba, ndipo luso lake limapeza malo m'mipata imene munda ndi ntchito za pakhomo zamusiyira. Alibe sitolo kapena chikwangwani, popeza malo ake ogwirira ntchito ndi khonde la nyumba imene amagonamo, pamene pamakhalanso thumba la mtedza wosasenda ndi mtondo. Apa ndi pamene amafanana ndi nkhono ya m'mwambi, imene nyumba yake ndi moyo wake sizisiyana. Ubwino wake ngwakuti salipira lendi, sasiya mwana ndi munthu wina, ndipo angathe kuvundula mphika wa nyemba singano ili m'dzanja. Kuipa kwake n'kwakuti ntchito yochitikira pakhomo anthu saiwerengera ngati ntchito, kotero kuti mlendo akagogoda ndi "Odi kuno, aNaphiri," mayiyo ayenera kuvomera ndi "Fikani," kuyala mphasa ndi kucheza, ngakhale chiwerengero cha tinjere timene amatunga chitamusokonekera m'mutu.

Chichewa chimagwiritsa ntchito mneni mmodzi pa ntchito ziwiri zimene zimagawana tsiku la mayiyu, pakuti m'mawa amatunga madzi pa mjigo ndipo masana amatunga mikanda. Kutunga kwachiwiriku n'kulowetsa ulusi m'mabowo a tinjere motsatizana mpaka titapanga chingwe chimodzi, ndipo mawu akuti mkanda amaimira kanjere kamodzi koboola komanso chingwe chonse chotungidwacho. Zida zake n'zochepa: lichero kapena mbale yoyalamo kansalu kuti tinjere tisagubuduke, timabotolo tosungiramo mitundu payokhapayokha, singano yopyapyala, ulusi wa nayiloni wonga wa mbedza, lasitiki wa zibangili, lezala, waya wopangira tingowe ta ndolo, ndi machesi owotchera nsonga ya ulusi kuti mfundo isamasuke. Tinjere tina n'tating'ono ngati mawere, ndipo bowo lake silisiyana kukula ndi diso la nkhono. Nthawi yabwino yotunga ndi pamene dzuwa lakwera koma khonde lili pa mthunzi, chifukwa kuwala kwa koloboyi kapena kwa tochi kumasokoneza mitundu, mpaka wobiriwira wakuda ndi wakuda weniweni osasiyanikanso. Nkhuku nazo zimaona tinjere ngati chakudya, mwana wokwawa amafuna kutiika m'kamwa, ndipo mphepo ya mwera ya mu June ndi July imaumitsa zala, kotero kuti diso limodzi limakhala pa singano, linalo pa bwalo.

Amene sadatungepo mkanda amaganiza kuti luso lili posankha mitundu yokongola, koma eni ntchito amadziwa kuti lili powerenga ndi pomanga. Maluwa a mkanda, kutanthauza kasinthasintha wa mitundu amene amabwerezabwereza kuzungulira chingwe chonse, amadalira chiwerengero chosaphonya, monga tinjere tofiira tisanu, toyera tiwiri, takuda tiwiri, kenaka n'kuyambiranso. Kanjere kamodzi kakachuluka kapena kuperewera, cholakwacho sichioneka nthawi yomweyo, chimadzaoneka chingwe chitatalika, ndipo mankhwala ake ndi amodzi okha, kukhutula zonse zimene zatungidwa pambuyo pake ndi kuyambira pomwe padalakwikapo. Ulusi ukamangika kwambiri mkanda umauma n'kumapindika pakhosi, ndipo ukalekerereka umaonetsa mipata. Kenaka pamabwera mfundo, imene iyenera kulimba kuti ipirire thukuta, sopo ndi kukoka kwa mwana wa kumsana, komanso iyenera kubisika m'kati mwa kanjere kuti isakande khungu. N'zochititsa chidwi kuti mawu omwewa akuti mfundo ndiwo amene amagwiritsidwa ntchito pa bwalo la milandu ponena za ganizo limene lagwira nkhani yonse, chifukwa pa mkanda ndi pa mlandu pomwe chimene chimagwira zonse n'chaching'ono ndipo sichidzionetsera.

Ubale wa nkhono ndi mkanda sudayambire m'mwambi, chifukwa mikanda ina yakale kwambiri imene idapezeka m'dziko muno idapangidwa ndi zigoba za nkhono. Akatswiri ofukula zakale amene adakumba m'mapanga a m'chigwa cha Kasitu, pafupi ndi phiri la Hora m'boma la Mzimba, adafalitsa mu 2021 zimene adapeza zokhudza mikanda ya zigoba za nkhono za pamtunda, ina mwa iyo ya zaka zoposa 9,000. Anthu a nthawi imeneyo, amene ankakhalira kusaka nyama ndi kutola zakudya za m'tchire, ankaswa chigoba m'tizidutswa, kuboola kachidutswa kalikonse ndi mwala wosongoka, ndi kukakhutiza pa mwala wina mpaka katazungulira, ndipo tambiri tinkasweka ntchito ili m'kati. Patapita zaka zikwi zambiri nkhono ya m'nyanja nayo idalowa m'mbiri imeneyi kudzera mu mphande, kachimbale koyera kodulidwa kutsinde kwa chigoba cha nkhono ya ku nyanja yamchere ya India, kamene mafumu ndi anthu olemekezeka a kumtunda ankavala pakhosi. Mtengo wake udali waukulu kotero kuti mu 1854 mfumu Shinde ya Alunda idapereka mphande kwa David Livingstone ngati chizindikiro chachikulu cha ubwenzi.

Mikanda ya galasi idafika ndi malonda. Pa Mankhamba pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, pamene padali likulu la Kalonga wa Amaravi, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi adapeza mikanda yambiri ya galasi yochokera kutsidya la nyanja, pamodzi ndi zokongoletsera za mkuwa, zidutswa za mbale za ku China ndi minyanga yosemedwa makoza, amene ndi zibangili zikuluzikulu za pamkono, ndipo adalongosola zimenezi m'buku lake la mu 2020 lonena za chiyambi cha Achewa. M'zaka za m'ma 1800 mikanda ya ku Venice ndi ku Bohemia idadzaza njira za malonda zochokera ku Tete ndi ku gombe la kum'mawa, kudutsa m'madoko onga Nkhotakota ya a Jumbe, ndipo inkasinthanitsidwa ndi chakudya, minyanga ya njovu, ngakhalenso anthu, chinthu chimene mbiri ya mkanda siyenera kubisa. M'Chinyanja chakale mawu akuti chuma ankatanthauzanso mikanda, monga momwe zilili mpaka lero m'Chishona. Choncho mayi wa kwa Dambe akakhutulira tinjere m'lichero amagwira chinthu chimene makolo ake ankachitcha chuma, ngakhale kuti lero iye mwini sawerengedwa pa gulu la anthu achuma.

Chimene chasunga luso limeneli ndi chakuti mikanda imalankhula zimene pakamwa pamachita nazo manyazi. Mikanda ya m'chiuno ndi ya m'nyumba, sivalidwa kuti ionekere pa msewu, ndipo mtsikana amamva za iyo kwa anamkungwi, amayi achikulire amene amalangiza anamwali kutsimba ndiponso akwati pa chilangizo cha ukwati. Ena mwa malangizo odziwika bwino ndi akuti mkanda wofiira woikidwa poti mwamuna auone umamuuza kuti mkazi wake ali kumwezi, woyera umamuuza kuti masikuwo atha, ndipo wakuda nawo uli ndi uthenga wake umene eni banja amaudziwa. Khanda nalo limamangidwa mkuzi, kachingwe ka m'chiuno kamene nthawi zina kamakhala ndi tinjere, ndipo kakayamba kuthina mayi amadziwa kuti mwana akukula. Katundu wotere sagulidwa bwino pa msika anthu akuona, ndipo n'chifukwa chake khonde limaposa sitolo. Mayi wofuna mikanda ya mwana wa mchemwali wake amene akulowa m'banja amabwera madzulo, amayamba ndi kufunsa za moyo ndi za kumunda, ndipo chimene wabwerera amachitchula pomaliza, mwa mawu otsika. Wotunga mikanda wopupuluma, amene amafunsa mwachindunji kapena amene nkhani za makasitomala ake zimamveka ku mjigo, satha chaka asanathawidwe, pakuti munthu wamanyazi ali ngati nkhono yomwe ija, amatulutsa zakukhosi pokhapokha pali bata.

Mikanda ina ndi ya poyera, ndipo imatsata kalendala ya dera. Mchinji ndi boma la Achewa ndi Angoni, ndipo malire amene adadulidwa m'nthawi ya atsamunda sadadule ubale ndi anthu a ku Chipata ndi ku Katete. Kumapeto kwa February Angoni a Mpezeni amasonkhana ku Mtenguleni pa mwambo wa Ncwala, pamene mikanda ya kumutu, ya pakhosi ndi ya pachifuwa imavalidwa pamodzi ndi zikopa, ndipo kumapeto kwa August Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amapita ku Mkaika kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi pa mwambo wa Kulamba. Akhristu a Chikatolika amafuna kolona, imene ili ndi tinjere 59 toikidwa m'dongosolo losasinthika, ndipo achinyamata amafuna zibangili za mitundu ya mbendera, wakuda, wofiira ndi wobiriwira, kapena zolembedwa dzina. Koma nyengo yeniyeni ya malonda imayamba anthu akagulitsa fodya, soya ndi mtedza, pamene ndalama zimayenda m'midzi ndipo zinkhoswe, maukwati ndi zinamwali zimatsatizana mpaka mvula yoyamba. Dzinja likafika singano imagona ndipo khasu limadzuka, ndipo mu January ndi February, pamene nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka, palibe amene amaganiza za ndolo.

Chuma cha ntchitoyi n'chopyapyala ngati ulusi wake. Tinjere ta galasi ndi ta pulasitiki sitipangidwa m'dziko muno, timachokera kumaiko onga China, India ndi Czech Republic, ndipo timafika kwa Dambe titadutsa m'manja ambiri, kuchokera m'masitolo a ku Lilongwe kapena a ku Chipata. Chipata cha pa malire cha Mwami, chimene chidakonzedwa kuti apaulendo aziima malo amodzi okha ndipo chidatsegulidwa mu December 2022, chidapeputsa ulendo wa amalonda, koma sichidatsitse mtengo wa katundu wogulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, paketi ya mikanda idakwera limodzi ndi feteleza ndi sopo, pamene wogula wa m'mudzi adatsala ndi thumba lomwe lija. Mpamba umachokera ku banki m'khonde, gulu la anthu a m'mudzi osunga ndi kubwereketsana ndalama, ndipo ngongoleyo ili ndi tsiku lake losasuntha, pamene mnansi amene adatenga mkanda nati "Ndidzakupatsani tikagulitsa soya, achemwali" alibe tsiku. Foni yathandiza, chifukwa chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp chimafika kwa mphunzitsi kapena namwino wa kutali, ndipo ndalama zimabwera pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba, koma nayo foniyo imadya mayunitsi ndipo imafuna kutchajitsa.

Pamwamba pa zonsezi pali mpikisano wa zokongoletsera za m'fakitale, zimene zimadzaza mabenchi pa tsiku la msika, zonyezimira ngati golide ndipo zotsika mtengo. Za izi akuluakulu adanena kale kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, popeza zambiri zimasuluka zikakumana ndi thukuta, zina zimatupitsa khutu, ndipo zikaduka palibe wozibwezera. Mkanda wotungidwa pakhomo ukaduka, mwini wake amatola tinjere, natimanga pa nsonga ya chitenje, napita nato kwa amene adautunga, ndipo kawirikawiri umakonzedwa popanda kulipira. Komabe wogula akafika pa khonde amayerekeza mitengo iwiriyo, nayamba kunenerera ngati akugula tomato wa madzulo. Amawerengera tinjere ndi ulusi, zimene angathe kuziona, koma sawerengera masana atatu amene adathera pa chingwecho, kapena msana umene udapindika, kapena maso amene adatuluka misozi. Mayi wotunga naye nthawi zambiri sadziwerengera nthawi yake, chifukwa adaleredwa kuona ntchito ya pakhomo ngati yopanda mtengo, ndipo amakondwa akangobweza ndalama ya paketi ndi kutsala ndi ya mchere.

Apa ndi pamene mwambi uyenera kugwiridwa mosamala, chifukwa mawu abwino angathe kusanduka chingwe chomangira wosauka. N'kosavuta kuuza mayi wotere kuti adekhe, zinthu zidzayenda, pamene woyankhulayo ndi yemwe wamudula mtengo. Makolo omwe adayamikira kudekha adachenjezanso kuti zengerezu adalinda kwawukwawu, kusonyeza kuti ankasiyanitsa kukhala tcheru ndi kungokhala. Kudekha kwa mmisiri kuyenera kufika pa kabuku kolembamo zimene wagula, masiku amene wagwira ntchito ndi anthu amene ali naye ngongole, ndiponso pa kulimba mtima kotchula mtengo woyenera popanda kupepesa. Kuyenera kufika pogwirizana ndi anzake kuti mmodzi apite kukagula tinjere ta onse, m'malo moti aliyense alipire yekha kabaza ndi minibasi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma mwambiwu uli ndi mawu kwa wogulanso, ndipo mwina kwa iyeyo koposa. M'nkhani ya nkhono, wouzidwa kuti adekhe ndi woonerera, ndipo nkhono ilibe mlandu. Ngati ntchito ya mayiyu siioneka, vuto lili m'maso a anthu amene amaiyang'ana mothamanga, kuyambira wonenerera mtengo pa khonde mpaka mwamuna wa m'nyumba amene amaitcha masewera koma nadya ndiwo zogulidwa ndi ndalama yake.

Ntchito ya maso imatha ndi maso. Munthu akapitirira zaka 40 diso limayamba kulephera kuona zinthu zapafupi, ndipo wotunga mikanda amazindikira zimenezi msanga kuposa ena, pamene ayamba kutalikitsa singano ndi kuphonya bowo limene kale ankalipeza osayang'ana. Magalasi owerengera amathandiza kwa amene wawapeza, koma m'midzi yambiri chithandizo choyamba ndi mdzukulu. Kamtsikana kamaitanidwa kuchokera ku masanje ndi mawu akuti "Tabwera, mwana wanga, undilowetsere ulusiwu," ndipo kamayankha kuti "Ndabwera, agogo," n'kukhala pa mphasa. Poyamba kamangolowetsa ulusi m'singano ndi kutola tinjere tomwazika, kenaka kamapatsidwa ntchito yosankha mitundu, ndipo tsiku lina kamaloledwa kutunga chibangili chake, chimene agogo amachiyendetsa m'zala, napeza polakwika, nachikhutulira m'lichero kuti kayambirenso. Mwa Achewa, kumene mbumba imawerengedwa kutsata amayi, luso lotere limayenda njira yomweyo, ndipo limodzi nalo pamayenda chidziwitso cha mitundu, cha nyengo ndi cha kusunga chinsinsi cha mlendo wa madzulo. Mwanayo amalira pa kukhutula koyamba, koma pa kachitatu amakhala atayamba kuwerenga chamumtima, ndipo akulu amati wayamba kudekha.

Amene walandira mkanda wotungidwa ndi manja angathe kuyesa mwambiwu yekha. Auyendetse m'zala pang'onopang'ono, kanjere ndi kanjere, kufunafuna pamene ulusi udayambira ndi pamene udathera. Pa mkanda wa wophunzira mfundo imapezeka msanga, chifukwa imatukuka ndi kukanda chala. Pa mkanda wa mmisiri munthu angathe kuzungulira kawiri kapena katatu osaipeza, mpaka chala chitamva kanjere kamodzi kolimbirapo pang'ono, kamene kakana kuzungulira ngati tinzake. M'kati mwa kanjere kameneko ndi mmene muli mfundo, yowotchedwa ndi machesi ndi kukankhidwiramo ndi nsonga ya singano, ndipo ndiyo yagwira tinjere mazanamazana kuti tisamwazike. Wogula amene wadekha mpaka kuipeza waona maso a nkhono, ndipo akabwerera pa khonde lija kukafunsa mtengo wa mkanda wina amakhala akudziwa chimene akulipira.